"Palibe amene akumvetsera mafoni anu": zimene mawuwa amanena ndi zimene amasiya

Pa 5 June 2013, nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inatulutsa chikalata cha masamba anayi chimene boma la America linkafuna chikhale chobisika mpaka 2038. Chinachokera ku khoti lachinsinsi, ndipo chinkalamula nthambi ina ya kampani ya mafoni ya Verizon kuti tsiku ndi tsiku izipereka kaundula wa mafoni onse odutsa pa netiweki yake ku bungwe la ukazitape la National Security Agency, lodziwika kuti NSA. Onse ndithu: oimbidwa kunja, ochokera kunja, ngakhale a munthu woimbira mnzake wa m'tauni momwemo. M'chikalatamo munalibe dzina la munthu woganiziridwa mlandu ngakhale mmodzi.

Patadutsa masiku anayi, amene anatulutsa chikalatacho anadziulula yekha. Anali Edward Snowden, wazaka 29, yemwe ankagwira ntchito za makompyuta za NSA ku Hawaii kudzera m'kampani ya Booz Allen Hamilton. Apa n'kuti atathawira kale ku Hong Kong, ndipo kenako anakathera ku Russia. Ena amati ndi ngwazi, ena amati anagulitsa dziko lake. Mlandu wa iyeyo tiusiye pambali.

Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, a Barack Obama, anayankha kuti palibe amene akumvetsera mafoni a anthu. Kunena za ntchito ya m'chikalata chija, ananena zoona. Koma nawo amene anakwiya sikuti ankalota. Apa ndi pamene ambiri timasokonezekera, kaya nkhani ili ku America, ku South Africa kapena kwathu kuno: boma likuti "sitikumvetsera", anthu akuti "mukutizonda", ndipo onse awiri akhoza kukhala akunena zoona nthawi imodzi. Kuti timvetse, tiyenera kulekanitsa zinthu zingapo zimene nthawi zambiri zimaponyedwa m'thumba limodzi.

Mawu, ndi kaundula wa mafoni

Foni iliyonse imene mwaimba imakhala ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi zimene mwalankhula. Yachiwiri ndi zimene kampani imalemba kuti foniyo ilumikizike komanso kuti idziwe mayunitsi oti ikuduleni: nambala yanu, nambala imene mwaimbira, tsiku, ola, mphindi zimene mwatha, nambala ya simukhadi, nambala ya foni yeniyeniyo, ndi nsanja ya netiweki imene inakugwirani. Akatswiri amazitcha metadata. Mawu amatha mukangodula foni, pokhapokha wina atachita kuwajambula dala. Metadata imatsala, chifukwa kampani singayende popanda iyo.

Taganizani za buku lija la ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money pamsika. Ejenti sakufunsani kuti ndalamayi ndi ya chiyani. Amangolemba tsiku, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama, inu n'kusaina. Mzere umodzi sunena kanthu. Koma wina atasonkhanitsa mabuku a chaka chathunthu a maejenti onse n'kukhala nawo pansi, angadziwe tsiku limene mumalandira malipiro, amene akulipirira mwana sukulu ku Zomba, amene wamira mu katapila, ndi bambo amene mwezi uliwonse amatumiza ndalama ku nambala imene akazi awo sakuidziwa. Zonsezi osamva liwu ngakhale limodzi.

Malamulo a ku America anasiyanitsa mbali ziwirizi kalekale, ndipo kusiyanitsako n'kumene kunatsegula khomo. Mu 1928, pa mlandu wa Roy Olmstead wa ku Seattle, amene ankagulitsa mowa pa nthawi imene unali woletsedwa, khoti lalikulu linati apolisi sanalakwe kulumikiza waya pa foni yake, poti sanalowe m'nyumba mwake. Mu 1967 khotilo linasintha maganizo pa mlandu wa Charles Katz, wotchova juga amene ankaimbira m'kanyumba ka foni ka pamsewu ku Los Angeles: kuyambira apo, kumvetsera mawu a munthu kumafuna chilolezo cha woweruza. Koma mu 1979 panabwera mlandu wa Smith. Wakuba wina ku Baltimore ankaimbira foni mayi amene anamubera n'kumamuopseza. Apolisi, popanda chilolezo cha khoti, anapempha kampani ya mafoni kuti iike kachipangizo kolemba manambala oimbidwa kuchokera kunyumba kwake. Khoti linati palibe cholakwika: manambala mumawapereka nokha ku kampani, ndiye simungayembekezere kuti akhale chinsinsi. Chigamulocho chinali cha munthu mmodzi, foni imodzi ya m'nyumba, kwa masiku ochepa. Patapita zaka zoposa 20, maloya a boma anatsamira pa chigamulo chomwecho potolera kaundula wa dziko lonse.

Kodi metadata imaulula zambiri motani? Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anayesa, ndipo zotsatira anazitulutsa mu 2016. Anthu 823 anavomera kuti kaundula wa mafoni awo aunikidwe. Pongoona manambala ndi nthawi, ofufuzawo anazindikira munthu wodwala mtima, chifukwa ankaimbira dokotala wa mtima, malo ogulitsa mankhwala ndi nambala yothandiza ogwiritsa ntchito kachipangizo koyeza kugunda kwa mtima. Anazindikiranso wina amene ali ndi mfuti ya mtundu wakutiwakuti. Panalinso mayi amene analankhula nthawi yaitali ndi mchemwali wake, kenako n'kuyamba kuimbira mobwerezabwereza chipatala cha za uchembere. Nawo a Michael Hayden, amene anatsogolerapo NSA komanso CIA, bungwe la America lozonda mayiko akunja, ananena poyera mu 2014 kuti boma lawo limapha anthu potengera metadata, ngakhale anawonjeza kuti sizinali choncho ndi kaundula wa anthu a ku America. Ankanena za zigawenga za kunja, koma mawuwo akuonetsa mmene akazitape eni ake amaidalirira.

Kulondola mmodzi, kapena kusonkhanitsa onse

Ukazitape wa pa foni ulipo wa mitundu iwiri. Wakale uja umayamba ndi munthu: apolisi akumuganizira wina, apita kwa woweruza ndi umboni, apatsidwa chilolezo chomulondola iyeyo kwa nthawi yoikika. Winawu umayamba ndi kusonkhanitsa: boma litenga kaundula wa aliyense, limusunga, ndipo woganiziridwa akadzapezeka mawa kapena chaka chamawa, lidzangofufuza m'nkhokwemo. Pa buku la ejenti lija, woyamba ndi wapolisi wobwera ndi kalata ya khoti kudzaona tsamba limodzi. Wachiwiri ndi wobwera madzulo aliwonse kudzakopera buku lonse, n'kulonjeza kuti sadzaliwerenga popanda chifukwa.

America inalawapo kale kuwawa kwa ukazitape wopanda malire. Mu 1975 komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi a Frank Church inavumbula kuti FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, inkamvetsera mafoni a Martin Luther King Jr, komanso kuti kwa zaka 30, kuyambira 1945, makampani a matelegalamu ankapereka ku boma makope a mauthenga opita ndi ochokera kunja. Zitatero, mu 1978 anakhazikitsa lamulo lotchedwa FISA, pamodzi ndi khoti lapadera loti liziloleza ukazitape wokhudza chitetezo cha dziko, munthu mmodzimmodzi.

Kenako kunabwera 11 September 2001, tsiku limene zigawenga zinapha anthu pafupifupi 3,000. Mwezi wotsatira aphungu anavomereza lamulo la Patriot Act. Gawo 215 la lamuloli linalola boma kupempha zolembedwa za makampani pofufuza uchigawenga, ndipo atalikonza mu 2006 linkati zolembedwazo zikhale zokhudzana ndi kafukufukuyo. Maloya a boma anauza khoti lachinsinsi kuti kaundula wa mafoni onse ndi wokhudzana, chifukwa sungadziwiretu nambala imene idzafunike. Khotilo linavomera mu May 2006, ndipo linkawonjezera chilolezocho miyezi itatu iliyonse. Mmodzi mwa aphungu amene analemba Patriot Act, a Jim Sensenbrenner, atamva zimenezi mu 2013 anati si zimene ankatanthauza.

Maganizo a boma sanali opanda mutu, ndipo n'koyenera kuwamva bwino. Mmodzi mwa zigawenga za pa 11 September, Khalid al-Mihdhar, ankakhala ku San Diego n'kumaimbira nyumba ina ku Yemen imene NSA inkaimvetsera kale. NSA inamva mafoniwo koma sinazindikire kuti woimbayo ali m'dziko la America momwemo. Akuluakulu a chitetezo ankati kaundula wa dziko lonse akanakhalapo, nambala ya ku San Diego ikanaoneka. Otsutsa amayankha kuti CIA inkadziwa kale za munthuyo koma sinauze FBI msanga, kotero vuto silinali kuchepa kwa uthenga koma kusagawana.

Kagwiritsidwe ntchito kake kanali kotere. Kaundulayo ankasungidwa zaka zisanu. Kuti afufuzemo, pankafunika nambala yoyambira imene akuiganizira kuti ikukhudzana ndi gulu la zigawenga, ndipo ovomereza anali akuluakulu ochepa a mu NSA momwemo, osati woweruza. Mu 2012 manambala oyambira sanafike 300, ndipo boma linkatchula chiwerengerochi kawirikawiri posonyeza kuti silinkangofufuza chisawawa. Koma kuchokera pa nambala imodzi ankaloledwa kudumpha katatu: onse amene inaimbirana nawo, onse amene awowo anaimbirana nawo, ndi onse amene achiwiriwo anaimbirana nawo. Tiyerekeze kuti aliyense amaimbirana ndi anthu 50. Kudumpha koyamba ndi anthu 50, kwachiwiri 2,500, kwachitatu 125,000. Ena amabwerezedwa, inde, komabe pakangopezeka nambala ya taxi kapena ya chipatala m'katimo, chiwerengero chimakwera koopsa. Mu January 2014 a Obama anachepetsa kudumphako kukhala kawiri, n'kulamula kuti woweruza azivomereza kaye nambala yoyambira.

Woyang'anira akazitape

Dziko lililonse lili ndi akazitape, ndipo ntchito yawo singachitikire pabwalo. Ndiye funso limakhala lakuti ndani amawaletsa akapyola malire. Ku America ntchitoyi inagawidwa patatu: khoti la FISA, makomiti a aphungu, ndi oyendera a m'mabungwe momwemo.

Khoti la FISA lili ndi oweruza 11 osankhidwa ndi mkulu wa oweruza onse. Limakumana mwachinsinsi, ndipo kwa zaka zambiri linkamva mbali imodzi yokha, ya boma. Pempho lokanidwa kotheratu linali losowa kwambiri. Otsutsa amati khotilo linkangodinda chidindo. Oliikira kumbuyo amati mapempho ambiri ankabwezedwa kuti akakonzedwe asanavomerezedwe, ndipo n'zoona kuti zigamulo zina zimene zinatulutsidwa pambuyo pake zikuonetsa oweruza akudzudzula NSA mwamphamvu chifukwa chowauza zosalondola. Chimene palibe angakane n'chakuti tanthauzo lenileni la gawo 215 linali chinsinsi: nzika zinkawerenga lamulo lina, boma likugwiritsa ntchito lina.

Aphungu nawo anali omangika. A m'makomiti a zachitetezo ankadziwa koma sankaloledwa kuulula. Pa 12 March 2013, a Ron Wyden, amene ankadziwa yankho, anafunsa mkulu wa akazitape onse, a James Clapper, pamaso pa anthu ngati NSA imasonkhanitsa uthenga uliwonse wa anthu mamiliyoni a ku America. A Clapper anayankha kuti ayi, osati mwadala. Miyezi itatu isanathe, chikalata cha Verizon chinatuluka. Anapepesa, n'kunena kuti ankaganiza za ntchito ina.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamandikhudza kuposa zikuluzikuluzi. Mu 2013 woyendera wa mu NSA anauza aphungu za milandu 12 imene ogwira ntchito anagwiritsa ntchito dala zida za ukazitape molakwika m'zaka 10, ndipo ingapo inali ya anthu ofufuza amuna awo, akazi awo kapena zibwenzi. Milanduyi siinali ya kaundula wa gawo 215, ndipo 12 m'bungwe la anthu masauzande si yambiri. Koma ikutikumbutsa kuti kuseri kwa mawu oti "boma" kuli munthu wa nsanje, wa ngongole, wa chipani, amene ali ndi nambala yachinsinsi yolowera m'kompyuta.

Nkhaniyo itafika m'makhoti wamba, oweruza anasiyana. Mu December 2013, a Richard Leon ku Washington anati ntchitoyo ikuoneka kuti ikuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Patangopita masiku 11, a William Pauley ku New York anati ndi yovomerezeka. Mu May 2015 khoti la apilo ku New York linagamula kuti gawo 215 silinkaloleza kusonkhanitsa kotere. Mwezi wotsatira aphungu anakhazikitsa USA Freedom Act: kaundula azikhala ku makampani, boma lizipempha manambala enieni kudzera ku khoti, ndipo khoti la FISA likhale ndi akatswiri oima paokha oti azipereka maganizo a mbali inayo pa nkhani zikuluzikulu. Kusonkhanitsa kwa onse kunatha kumapeto kwa November 2015.

Kodi zinathandiza?

Bungwe la boma loona za ufulu pa nkhani zolimbana ndi uchigawenga, lotchedwa PCLOB, linaunika zikalata zachinsinsi ndipo mu January 2014 linati silinapeze nkhani ngakhale imodzi yoopseza America imene kaundulayo anasinthadi zotsatira za kafukufuku. Chitsanzo chimene boma linkatchula kwambiri chinali cha Basaaly Moalin, woyendetsa taxi ku San Diego amene anamangidwa chifukwa chotumiza madola 8,500 ku gulu la al-Shabaab ku Somalia. Mu 2020 khoti la apilo linati kusonkhanitsa kuja kunali kosemphana ndi lamulo, koma silinamumasule, chifukwa linapeza kuti mlanduwo sunadalire kaundulayo.

Njira yatsopano ya 2015 nayo siinapite patali. Mu 2017 yokha inabweretsa zolembedwa za mafoni ndi mameseji zokwana 534 miliyoni. Mu 2018 NSA inazindikira kuti makampani ankaitumizira ndi zina zimene sinaloledwe kulandira, n'kufufuta zonse. Mu 2019 inaimitsa ntchitoyo yokha, ndipo mu March 2020 lamulolo linatha mphamvu aphungu osaliwonjezera. PCLOB inapeza kuti inadya madola pafupifupi 100 miliyoni, koma ndi kawiri kokha pamene inapatsa FBI uthenga umene inalibe kale.

Oikira kumbuyo ntchitoyi ali ndi yankho lawo. Amati phindu la ukazitape siliyezedwa ndi chiwerengero cha ziwembu zolepheretsedwa chokha. Bomba likaphulika, kudziwa msanga kuti wochita chiwembuyo alibe anzake ena m'dzikomo ndi phindunso, ngakhale palibe womangidwa. Mfundoyi ndi yovuta kuitsutsa, komanso ndi yovuta kuitsimikiza.

Kumene muli

Foni ya m'manja imalankhula ndi nsanja ya netiweki ngakhale simukuimba, ndiye kampani imakhala ndi mbiri ya mayendedwe anu. Pa mlandu wa Timothy Carpenter, woganiziridwa kuba ndi mfuti m'masitolo a mafoni, apolisi anatenga malo 12,898 osonyeza kumene anali kwa masiku 127, popanda chilolezo chokwanira cha woweruza. Mu June 2018 khoti lalikulu, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, linati izi sizololedwa: kunyamula foni lero si chinthu chimene munthu angachite kusankha, ndiye sitinganene kuti wapereka mayendedwe ake mwa kufuna kwake. Aka kanali koyamba kuti mfundo ya 1979 ija igwedezeke kwenikweni, ngakhale khotilo silinaichotse.

Nanga amene si nzika?

Zonse tafotokozazi ndi mkangano wa ufulu wa anthu a ku America. Kwa ife a kunja, chitetezo n'chochepa. Gawo 702 la lamulo la FISA, limene linabwera mu 2008, limalola NSA kulondola munthu amene si nzika ya America ndipo ali kunja, popanda chilolezo cha khoti cha munthu payekha, ndipo apa amatenga ndi mawu omwe, maimelo ndi mameseji, kudzera m'makampani a ku America. Wolondoledwayo akalankhula ndi munthu wa ku America, zokambiranazo zimalowanso m'nkhokwe. Izi sizitanthauza kuti aliyense woimbira m'bale wake ku Indiana kapena ku Texas akumvetseredwa. Zikutanthauza kuti lamulo silifuna woweruza kuti mlendo alondoledwe.

Zikalata za Snowden zinaonetsanso ntchito ina yotchedwa MYSTIC, imene inkatolera metadata ya mafoni a m'mayiko athunthu, kuphatikizapo Kenya, Mexico ndi Philippines, pomwe ku Bahamas inkajambula ndi mawu omwe a pafupifupi foni iliyonse ya m'manja. Ngakhale mtsogoleri wa Germany, a Angela Merkel, anadandaula mu 2013 zitamveka kuti foni yawo inkalondoledwa.

Gawo 702 silinathe ngati 215, ndipo PCLOB yomwe ija inati ili ndiye limathandizadi. Koma zinadziwika kuti FBI inafufuza molakwika m'nkhokwe za ukazitapezi maulendo oposa 278,000 mu 2020 ndi kumayambiriro kwa 2021, kuphatikizapo mayina a anthu ochita zionetsero. Mu April 2024 ganizo loti pazifunika chilolezo cha woweruza asanafufuze dzina la nzika linagwa mavoti atafanana, 212 kwa 212, ndipo aphungu anawonjezera lamulolo zaka ziwiri.

Kumene nkhaniyi ikutikhudza kwathu

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo limatchula mwachindunji makalata ndi njira zonse zolumikizirana pa lamya. Olemba malamulowa mu 1994 ankachokera m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene kalata inkafika itatsegulidwa kale ndipo munthu ankayang'ana kaye uku ndi uku asanalankhule. Koma gawo 44 limalola kuti ufuluwu uchepetsedwe, bola kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, koyenera, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase.

Mkangano wa ku America uja tinaupanga nafenso, pa mawu omwewo. Mu 2010 bungwe la MACRA linagula makina otchedwa CIRMS ku kampani ya ku America ya Agilis International pa madola 6.8 miliyoni. Anthu anawatcha makina aukazitape. MACRA inati si omvetsera mafoni: ndi oti izitha kudziwa yokha ndalama zimene makampani a mafoni akupanga m'malo modalira mawu awo, kuyeza ngati netiweki ikuyenda bwino, ndi kugwira ozembetsa mafoni ochokera kunja. Otsutsa anati kuti makinawo achite zimenezi ayenera kulandira kaundula wa mafoni a aliyense. High Court inaletsa makinawo mu 2012, Supreme Court of Appeal inasintha chigamulocho mu 2014, ndipo milandu inapitirira mpaka 2017 pomwe MACRA inapambananso. Chaka chotsatira kunabwera kulembetsa masimukhadi, kumene kunamangiriza nambala iliyonse ku chiphaso cha mwini wake. Cholinga chake ndi chomveka kwa aliyense amene anaberedwapo ndi akamberembere a pa foni. Koma zotsatira zake n'zakuti kaundula amene kale anali wa manambala, tsopano ndi wa mayina.

Amene anakhalako ku South Africa amadziwa kuti simukhadi siigwira usanaichite RICA, kutanthauza kuilembetsa motsatira lamulo la dzina limeneli. Lamulo lomwelo ndi limene limaloleza kumvetsera mafoni kumeneko. Mtolankhani Sam Sole wa bungwe la amaBhungane anatulukira mu 2015 kuti mafoni ake anamvetseredwa mu 2008, ataona zokambirana zake m'zikalata za mlandu wokhudza a Jacob Zuma. Pa 4 February 2021 khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti RICA ili ndi zibowo: munthu sauzidwa konse kuti anamvetseredwa ngakhale kafukufuku atatha, woweruza wololeza sali woima payekha mokwanira, ndipo palibe chitetezo chapadera cha atolankhani ndi maloya. Linatinso kusonkhanitsa mauthenga a onse kumene boma linkachita kunali kosaloledwa, poti panalibe lamulo lokuloleza. M'chaka chomwecho khoti la ufulu wa anthu la ku Europe, pa mlandu wokhudza Britain, linati dziko likhoza kusonkhanitsa motero, koma pakhale woyang'anira woima payekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Makhoti awiriwa sanaletse ukazitape. Anafunsa za lamulo ndi za woyang'anira.

Zimene sizinathetsedwe

Funso loyamba ndi la nthawi imene ufulu umaphwanyidwa. Kodi ndi pamene kaundula wanu wakoperedwa, kapena pokhapokha munthu akamutsegula n'kuwerenga? Maboma ambiri amati ndi powerenga. Omenyera ufulu amati ndi pokopera, chifukwa nkhokwe imakhalitsa kuposa boma limene linaimanga, ndipo malonjezo a olamula lero samanga olamula mawa. Makhoti a mayiko osiyanasiyana sanagwirizanebe.

Lachiwiri ndi la kusintha kwa zipangizo. Kuyambira 2016 WhatsApp imabisa mawu ndi mameseji mwakuti ngakhale kampaniyo singawawerenge. Apolisi a m'mayiko ambiri amati izi zawatseka maso pa milandu ya uchigawenga ndi yozunza ana, ndipo akufuna njira yolowera. Akatswiri a makompyuta amati khomo lotsegulira apolisi okha kulibe. Mbava nazo zidzalipeza. Pakadali pano metadata ikutsalabe, ndipo maboma ena anatembenukira ku mapulogalamu ngati Pegasus, amene amalowa m'foni mwenimwenimo n'kuona zonse zisanabisidwe. Palinso makampani ogulitsa mbiri ya mayendedwe a anthu yochokera m'mapulogalamu a pa foni, ndipo mabungwe a boma la America anavomera kuti amagula uthenga wotere. Ngati lamulo likuletsa kutenga popanda woweruza, kodi likuletsanso kugula?

Kwathu kuno mafunso ake ndi apafupi. Lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo udindo woliyang'anira unapatsidwa kwa MACRA. Ena amati n'zomveka, poti ndi bungwe limene lili kale ndi akatswiri ndi ndalama zake. Ena akufunsa ngati bungwe lolandira uthenga wa mafoni lingakhalenso loyenera kulandira madandaulo a mmene uthengawo ukusungidwira. Kodi kaundula wa mafoni azisungidwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani atsimikize kuti wafufutidwa? Kodi munthu amene analondoledwa n'kupezeka wosalakwa aziuzidwa, monga khoti la ku South Africa linalamulira, kapena kutero kungaononge ntchito ya apolisi? Ndipo kodi Nyumba ya Malamulo iziuzidwa chaka ndi chaka kuti apolisi ndi akazitape anapempha kaundula wa anthu angati, ndi kuti mapempho angati anadutsa kwa woweruza?